Fodya wa pachala wapeza msika

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sankadziwa kuti tsiku lina mphepoyo idzatsegula akaunti kubanki. Masiku ano kampani ya ku Ulaya ikafukiza utsi mumlengalenga, imapepesa pogula chikalata chonena kuti kwinakwake mtengo wina sunadulidwe. Chikalata chimodzi chimaimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni, ndipo ndalama zake akuti zizisamalira nkhalango ndi malo osungirako nyama zakutchire. Kuno kwathu ntchito ya Kulera, ya m'midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota, ndi ya mtundu umenewu. Munthu amalipidwa chifukwa cha nkhwangwa imene sanainyamule, ganyu amene akanalengezedwa pawailesi, mzere wa ofunsira ukanafika ku Karonga.

Pamene pagona nkhani ndi pa kawerengedwe. Kuti ugulitse mtengo wosadulidwa, uyenera kulosera kuti ukanadulidwa, ndipo wolosera akachulukitsa nkhwangwa za m'maloto, zikalata zogulitsa zimachulukanso. Za ku Kariba, ku Zimbabwe, zinatero. Ntchitoyo inayamba mu 2011 pa mahekitala pafupifupi 785,000, ndipo makampani ngati Volkswagen, Gucci ndi Nestlé anagula zikalata zake mtima uli m'malo. Kenako zinadziwika kuti nkhalangoyo sinali pangozi yaikulu ngati mmene analoserera, ndipo mu 2023 kampani ya South Pole, imene inkagulitsa zikalatazo, inadzichotsamo. Chaka chomwecho nyuzipepala ya The Guardian ndi anzake analemba kuti zikalata zoposa 90 pa 100 zilizonse za nkhalango zamvula zimene bungwe la Verra linavomereza sizinachepetse utsi kwenikweni. Verra inatsutsa, koma ogula anali atayamba kale kubweza manja m'matumba. Fodya yense anali pachala, mphepo n'kutenga zake.

Wina anganene kuti kutsutsa n'kosavuta, nanga ndalama zina zichokera kuti? Funsolo ndi lomveka. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege, alendo odzaona nyama anasowa, pomwe alonda a nkhalango ankafunabe malipiro, ndipo opha njovu sanapite kutchuthi. Boma nalo thumba lake limatha lisanafike ku nyama, poti njovu sizivota. Ndalama za kaboni tizilandira ndithu, ndi manja awiri. Cholakwika n'kulemba ntchito alonda ndi kulonjeza mijigo podalira mtengo wa chikalata umene umakwera ndi kutsika malinga ndi manyazi a ogula a ku Ulaya. Komanso fodyayu amadutsa pa zala zambiri: woyeza mitengo, wotsimikiza, wogulitsa, aliyense amafwenthako. Boma la Zimbabwe mu 2023 linayamba lafuna theka la ndalama zonse, kenako linatsika n'kufika pa 30 pa 100 zilizonse. Mayi wa m'malire mwa Vwaza, amene waletsedwa nkhuni ndipo njovu zamudyera chimanga, amamva za madola pamsonkhano basi. Pangano lililonse la kaboni lizinena poyera matani amene agulitsidwa, mtengo wake, ndi ndalama zimene zafika ku komiti ya m'mudzi, ndipo pepalalo lizikhomedwa pabwalo la amfumu, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, kuti odziwa masamu a msika wa nyemba awerengere okha.