Wilo likagwedera, timathamangira kusitolo

Anthu a njinga zakapalasa tili ndi matenda amodzi, ndipo ine ndili m'gulu la odwalika. Wilo likangoyamba kugwedera n'kumakhula buleki, mtima umathamangira kusitolo kukagula latsopano, lonyezimira, lokutidwa m'pepala la kufakitale. Mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango, amene amamanga wilo ndi manja, timamutenga ngati wongotithandiza kudikira kutha kwa mwezi. Ine, amene luso langa lonse pa njinga limathera pa kupopa tayala ndi kuliza belu, ndikuti wilo labwino ndi lomwe munthu wakhala nalo pansi mosafulumira, kaya linabadwira ku India kaya pamsika wa Mitundu.

Sipoko imodzi ndi kawaya koti mwana atha kukapinda ndi zala, koma masipoko 36 amanyamula matumba awiri a makala pamodzi ndi mwini wake. Amatero chifukwa onse amakhala okungika, akukoka limu mbali zonse, paja mutu umodzi susenza denga. Katundu akakwera, masipoko amene ali pansi nthawi imeneyo amafooka pang'ono, ndipo wilo likazungulira amakungikanso. Ngati anamangidwa mokwanira, palibe chovuta. Ngati anali olobodoka kale, amakhwefukiratu nthawi iliyonse akafika pansi, kanati ka ku limu kamamasuka pang'onopang'ono, mapeto ake sipoko imaduka pachigongono, pomwe imakolowekera ku habu. Kupingasa masipoko kumene timakuona lero kunayamba ndi James Starley wa ku Coventry mu 1874, ndipo mu 1981 injiniya wina wa ku America, Jobst Brandt, analemba buku lathunthu la wilo la njinga lokha. Buku lathunthu, akuluakulu, pa nkhani imene ine ndimaiweruza pomenya tayala ndi chidendene.

Njinga zambiri za m'misewu mwathu zimachokera kumafakitale akuluakulu, monga Hero ya ku Ludhiana, yomwe inayamba mu 1956, kapena Phoenix ya ku Shanghai. Kopanga njinga zochuluka chonchi, palibe amene angakhale ndi wilo limodzi ola lonse. Kuli makampani, monga Holland Mechanics ya ku Netherlands, amene ntchito yawo ndi kupanga makina omanga ndi kuwongola mawilo. Wilo lotchipa limatuluka lowongoka ndithu, koma kuwongoka kutha kubisa chinyengo: sipoko iyi yakungika kwambiri, inzake ikungoperekeza. Mukalikwera koyamba mumamva kaphokoso ka tii, tii, masipoko akudzikonza okha, ndipo pakatha milungu ingapo pamsewu wafumbi wilo layamba kuvina. Mmisiri wodziwa ntchito amagadamitsa njinga, n'kuzungulitsa wilo, diso lili pa kampata ka pakati pa limu ndi labala wa buleki. Amapotoza kanati pang'ono chabe, kenaka ka tsidya lina. Amakhwatula sipoko iliyonse ndi chala kuti amve ngati ikulira mofanana ndi inzake, ndipo pomaliza amafinya masipoko awiriawiri m'dzanja mwamphamvu kuti akhazikikiretu wilo lisanakhudze msewu.

Wina anena kuti makina satopa, samwa kachasu, ndiponso samva kuitana kwa bawo ntchito ili mkati. N'zoona, ndipo makina abwino, akapatsidwa nthawi, amatulutsa wilo labwino kuposa la amisiri ambiri. Ndiponso si aliyense wokhala pansi pa mtengo amene ali mmisiri. Alipo ena amene amaluma kanati ndi pulayala mpaka kukulungizika, kapena kupinda sipoko yaitali kuti ikwane pomwe pamafunika yaifupi. Koma taonani kumene kutsutsaku kwatifikitsa: makina ofulumizitsidwa ndi mmisiri wofulumizitsidwa amalakwitsa chinthu chimodzimodzi. Ngakhale bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005 ndipo njinga zake za Buffalo zili ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100, silinakhulupirire chitsulo chokha. Limaphunzitsanso amakaniko m'madera momwe njingazo zikupita. Ngati opanga njinga yolimba chotere akufuna munthu wa sipanala pafupi, ine wa njinga yolira paliponse kupatula pa belu ndingamunyoze bwanji?

Palinso ena amene aonera Tour de France pa TV ndipo akulota mawilo opepuka, a masipoko 20 kapena 24, amene awiri okha amadutsa madola 1,000. Mawilo amenewo anapangidwira anthu owonda, pamsewu wosalala, galimoto yonyamula mawilo ena ikuwatsata m'mbuyo. Ine m'mbuyo mwanga mumatsata agalu. Ndipo ngati nkhani ndi kupepukitsa njinga, kulemera kwenikweni kuli pa chishalo, pomwe nsima ya madzulo imakhala ndi ofesi yake. Akale ankadziwa zimenezi: njinga zakale za Raleigh zinkabwera ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, kumene kumagwera mtolo. Komanso sipoko ya wilo lapamwambalo ikaduka muli ku Lunzu, mukaipeza kwa ndani? Sipoko wamba ili pa benchi iliyonse ya zida za njinga. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, koma zala za mmisiri sizidutsa pa chipata cha Mwanza.

Ndiye chimene chimaononga mawilo athu kawirikawiri ndi ife eni ake. Wilo la kusitolo timalipira mtengo wolembedwa osatsokomola, koma kwa mmisiri timasanduka akatswiri a zachuma. Timaima pamutu pake n'kumayang'ana dzuwa. Akanena kuti masipoko onse akufunika kukunganso, timati, "Aimwene, ingoikani imodzi yadukayo, ndili paulendo." Iye amaika imodziyo, wilo limagwederanso Loweruka lisanafike, ife n'kumauza mudzi wonse kuti amisiri a masiku ano ndi achabechabe. Wa kabaza, amene njinga ndi munda wake, sachita zoterezi kawirikawiri. Ochita ndife apakaliyala amene tinangokwezedwa kukhala eni njinga.

Kotero inu amene mukusonkha ndalama ya wilo latsopano, ligulenidi ngati limu yakale yang'aluka kapena yaphwanyika pa mwala, chifukwa imeneyo palibe mmisiri angaiukitse. Koma musalikwere pochokera kusitolo. Litengereni kwa munthu amene a kabaza a kwanuko amapitako, mumulipire yomwe wanena, kenaka muchokepo mukamwe tiyi mpaka akuitaneni.