Ophunzira Inu, Majumbowa Mwasiyira Ndani?

Khalani pansi adzukulu anga, mafoniwo alowe m'thumba. Inunso amuna anga a ku Chanco, amene mwabwera kutchuthi ndi mabuku a kemisitiri, senderani kuno. Lero sindikuseka, ndipo ngakhale ndikadafuna, mano osekera adatha kalekale.

Mwafikako kugombe m'mawa, pomwe amakocheza mabwato a usipa? Musanaone nsomba, zokupatsani moni ndi majumbo: akuda, abuluu, ndi toonekera mkati tija ta chipisi cha pachiwaya. Mabotolo a zakumwa ali mbwee, timapepala ta mafilizesi toluma pakona, matewera a ana m'mabango. Zina zimatsika ndi mitsinje ya Kaombe ndi Bua nthawi ya dzinja, moti mpasa ukamakwera Bua kukaswana umapatukirana nazo m'njira. Mwera ukayamba mu Juni, nyanja imatibwezera katundu wathu yense, osasungako ngakhale chitsekerero.

Ife dzala lathu linali laulemu. Makoko a chinangwa, mamba a chambo, phulusa, lichero lothyoka, zonse pamodzi, mvula ikagwa pamera maungu. Mtsuko ukasweka, phale lake tinkakazingira mtedza. Lero kumbani padzala, khasu likola jumbo ya chaka chomwe mudabadwa, malemba ake akuwerengeka bwinobwino.

Amuna angawa adandiika m'kalasi usiku wina, ndipo ndidamva zonse, musaone imvizi. Akuti pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta okumba pansi, ndipo tizilombo towoletsa zinyalala timamulephera. Dzuwa ndi mafunde zimangomuswa kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, nsomba n'kumameza, ife n'kumadya nsombazo ndi kondowole. Adatembenuza botolo kundionetsa kanambala kunsi kwake: 1 ndi PET ya zakumwa, 2 ndi ya zigubu zolimba, 3 ndi PVC ya mapaipi. Akuti pofuna kusungunula kuti upangenso china, uzisankhe mtundu ndi mtundu, uzitsuke, chifukwa zosakaniza zimatulutsa chinthu chosachedwa kuthyoka. Kuwotcha ndiye ayi ndithu, makamaka nambala 3, poti utsi wake umakhala ndi poizoni wotchedwa dioxin.

Ndidawomba m'manja, ndidatsala pang'ono kululutira. Kutacha, ndani adagwada pambaula akudonthezera jumbo yoyaka pamakala? Pulofesa yemweyo! Mlongo wake uyo akuyang'ana kumbaliyo, dzulo lomweli wavundikira mpunga ndi jumbo mumphika, ati upse bwino. Fizi zonse zija, mbuzi zonse zidapita kumsika zija, kuti mudzandiphikire mpunga wa m'jumbo ya nambala 4?

Musaganize kuti za boma sindizidziwa, wailesi ndili nayo. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani adathamangira kukhoti, nkhani n'kumangozungulira, mpaka mu Julayi 2019 khoti la Supreme lidagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Mwa omwe adalimbana nayo nkhondoyo mudali Gloria Majiga-Kamoto, mayi wachichepere amene zidamupweteka kuona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba. Mu 2021 adalandira mphoto ya Goldman, dziko lonse lapansi n'kumva dzina la Malawi. Inu mwalandira chiyani? Zala zoloza m'mwamba pa Facebook.

Oweruzawo sangabwere pamsika wa Nkhotakota kudzakugwirani mkono. Ndakuonani ine. Mulu wa tomato, jumbo. Anyezi awiri, jumbo ina. Mchere, yachitatu. Kenako mugulenso yaikulu yoikamo anzakewo. Ndikati tengani dengu, mukuti ndi lachigogo, anyamata akusekani. Mnyamata woseka dengu angakugulireni chiyani choikamo?

Ndiye mumabwera ndi kakuti makina osungunulira pulasitiki ali kutali, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Inde ali kutali, sindikukana, ndipo palibe galimoto yodzatola zinyalala m'mudzi muno. Koma amayi ogulitsa thobwa akhala akutsuka mabotolo n'kuthiramonso zaka zonsezi. Asodzi amamangirira zigubu zakale kumaukonde kuti ayandame. Sadalembepo mayeso, koma botolo limodzi amaligwiritsa ntchito mpaka litope. Inu odziwa manambala a kunsi kwa botolo, lanu mukangomwa mwaponya pawindo la minibasi, kwinaku mukufotokozera woyandikana naye za kusintha kwa nyengo.

Chigamulo nachi, ndipo apilo palibe. Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanatenthe mchenga, aliyense atenge thumba, tonse kugombe. Mabotolo abwino padera, tikapatse amayi a thobwa. Zotsalazo Pulofesa azisankhe ndi manambala ake aja, akafunsenso kwa a khonsolo komwe zingapite, poti Chingelezi amachitha. Ine ndikhala pamthunzi kuyang'anira ntchito. Ndipo kuyambira lero, wolowa pakhomo pano ndi jumbo yopyapyala, chambo changa asachiyang'ane n'komwe, adyere kondowole wake mchere.