Alamu, Kamera Mukufunayo ndi Kamba

Alamu,

Pempho lanu loti ndikugulireni kamera yotchipa yojambulira anthu pa zinkhoswe ndi maukwati lafika pa nthawi yoseketsa, chifukwa kuno ku Joni zinthu zatembenuka. Ana asukulu a ku Braamfontein, amene ali ndi mafoni odula kwabasi, akusakasaka timakamera takale tolowa m'thumba la shati tija, ta Canon IXUS, Nikon Coolpix ndi Sony Cyber-shot, ati zithunzi zake zambuu n'zimene zili m'fasho pa TikTok. Tinthu timene eni ake anaiwala m'madilowa lero takwera mtengo m'masitolo a kaunjika. Chifukwa chake n'chakuti tatsala tochepa. Mu 2010 makampani a ku Japan anatumiza kumisika makamera oposa 120 miliyoni, koma mu 2023 sanakwane n'komwe 8 miliyoni, mafoni atawalanda msika, ndipo Casio inasiyiratu kupanga timakamera totere mu 2018. Choncho mukufuna nyama yosowa, alamu, ndipo nyamayo ndi kamba.

Musaseke, kaonetsetseni. Mukakadina, kamatulutsa khosi pang'onopang'ono, n'kuyamba kaye kaganiza, mkwatibwi n'kukhala atadutsa kalekale. Mukakasiya, kamabweza mutu m'chigoba. Eni ake mukawamvetsera amagawika pawiri. Ena amalumbira kuti kawo katha zaka khumi kosadwalapo, ena amati kanafa mwezi wachitatu. Onsewo sakunama. Ine ndikuti kamba ameneyu safa ndi kutchipa kapena ukalamba ayi, amafa ndi kaweteredwe, ndipo imfa yake imalowera pakhosi. Khosilo ndi timapaipi tolowetsana, tokankhidwa ndi kamota kakang'ono ndi timagiya tapulasitiki. Kamchenga kamodzi kakalowa pakati, kapena kamera ikagwa khosi lili panja, kapena ikayaka yokha m'thumba la thalauza khosi n'kusowa kotulukira, timano ta magiya timadumphana. Mumangomva kuti krrr, pagalasi n'kulembedwa kuti "lens error", basi maliro. Amene amatama kawo ndi aja amakasunga m'kachikwama, n'kumakatulutsa pa Khirisimasi pokha. Nanga inu, amene mudzakamangirira pakaliyala ya njinga m'fumbi la mu Okutobala, kenako n'kukajambula akwati pamchenga wa ku Senga Bay?

Chachiwiri ndi chakudya. Kamba wathuyu ndi wosankha ndiwo. Timakamera todya mabatire a AA sitikhuta ndi mabatire apaokala a mutochi aja, chifukwa kutulutsa khosi ndi kuwalitsa fulashi kumafuna mphamvu yambiri nthawi imodzi. Mujambula zithunzi zowerengeka kenako kazima, inu n'kumati kafa, chonsecho ndi njala chabe. Timafuna mabatire otchaja a NiMH. Tina tili ndi batire lakelake, ndipo batire limene lagona m'dilowa zaka zambiri limakhala litafooka kapena kutupa. Palinso memori khadi. Makamera ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2006 salandira khadi yoposa 2GB, a Sony akale amafuna Memory Stick, pamene a Olympus ndi Fujifilm ambiri amafuna xD, ndipo zimenezi simungazipeze pa benchi ya mafoni pamsika. Madandaulo ambiri oti kamera njosadalirika, mukawafukula, mupeza kuti kamba ali moyo koma woweta akum'patsa nsima m'malo mwa bowa.

Mwina munena kuti, ndiye gulani yatsopano. Zilipo ndithu. Za Kodak PixPro zikugulitsidwa, ngakhale Kodak yeniyeniyo inagwa ndi ngongole mu 2012 ndipo dzinalo inabwereketsa kwa kampani ina, JK Imaging. Koma khosi lake ndi lomwe lija, fumbi silifunsa chaka chobadwa. Palinso tina topanda dzina lodziwika, tolembedwa pabokosi kuti 48 megapixels ndi 4K. Iti ndi tikamba tovala chigoba cha eni ake, kadiso kake n'kakang'ono, manambalawo ndi ongofufumitsa. Munenanso kuti yatsopano ili ndi chitetezo. Zoona, lamulo la kuno la Consumer Protection Act la 2008 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yoti katundu wovuta akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Koma lamulolo limagwira ntchito pakauntala ya sitolo ya ku Joni. Kamba akadwalira kumudzi, ndani adzam'nyamule kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, risiti ili m'manja? Ulendowo udzadya ndalama zoposa mtengo wake, ndipo wasitolo akadzapeza mchenga m'khosi adzati mlandu ndi wanu. Akuluakulu sananame kuti kamba amanyera amene wam'tola.

Achemwali nawo adzati, bwanji osangojambula ndi foni? Mfundo yawo ndi yolemera, chifukwa foni ilibe khosi lotuluka, ndipo yamakono imajambula bwino madzulo kuposa kamba, amene kukangoda amaona zinthu ziwiriziwiri. Komabe kamera ili ndi zake. Imakoka munthu wakutali ndi magalasi enieni osati kungokulitsa chithunzi, fulashi yake ndi yamphamvu, ndiponso pa ukwati munthu wa foni ndi mlendo wamba pamene wa kamera ndi ajambuli, amene anthu amawapatsa njira ndi ndalama. Choncho sindikuti musawete kamba. Ndikuti mudziwe kuti mukagula kamera mwagulanso kachikwama, tchaja, mabatire apadera, khadi yoyenera ndi mwambo wosabwereketsa kwa adzukulu. Kutchipa kwake kumathera pa tsiku logula.

Ndatchula zogula, mtima wanga wagwa. Alamu, kuno zinthu sizili bwino monga zimaonekera pa zithunzi zimene timatumiza. Lendi yakwera, maganyu akuchepa, ndipo munthu wachilendo amagona khutu limodzi lili panja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mumaona ngati randi ikafika pa Mukuru imachuluka, koma thumba la feteleza linathamanga kuposa randiyo. Mvula yayandikira, fizi ya ana ikudikira, ndipo mankhwala a amayi sangadikire. Ndalama imene ndili nayo ndi imodzi, singakhale kamera n'kukhalanso feteleza. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti kamerayo nanenso ndikuifuna kuposa inu. Amayi ndimawaona pa WhatsApp pokha, pa zithunzi zamdima zojambulidwa mothamanga, ndipo sindidziwa ngati aonda kapena ndi foni yanuyo. Ana akukula ine kulibe, ndipo pa zithunzi za pabanja dzina langa limangotchulidwa kuti amene anatumiza ndalama ya nsalu.

Ndiye tichite motere. Feteleza ayambe, kamba adzabwere mukakolola, ndipo adzakhala wa mabatire a AA, woyesedwa khosi kangapo ndisanalipire. Panopa yambani kuphunzira kusamba m'manja mukatha kudya chiponde, chifukwa galasi lake silifuna mafuta. Ngati simukugwirizana nazo, kadandauleni kwa achemwali, poti tonse tikudziwa amene amasunga kachikwama pakhomopo. Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo mundiuze zoona za thanzi lawo, osati zondisangalatsa.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni