N'chifukwa Chiyani Kompyuta ya Mphwanga Ilibe Zithunzi?

Kodi munthu angagwire bwanji ntchito zaka ndi zaka, n'kupanga chinthu chothandiza, kenako n'kuchigawira dziko lonse osalipiritsa ngakhale metical imodzi? Ndipo ngati waganizadi zochipereka ulere, bwanji osachifewetsa kuti aliyense athe kuchigwira? Mafunso awiriwa sanandichoke m'mutu chionereni laputopu ya mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene akuphunzira za ulimi ku UniZambeze, ku Ulónguè. Ine ndimalima kachewere ndi nyemba m'munsi mwa phiri la Dómuè, choncho mafunso anga ndi a munthu wa khasu, ndipo ndiwafunsa momwemo.

Laputopuyo ukaiyatsa sipabwera chithunzi chilichonse. Sikirini imangoti bii, pamwamba pali timawu tochepa toyera ndi kamzere kophethiraphethira. Ndinafunsa kuti, "Mphwanga, yafa kodi?" Iye anati, "Ayi malume, ili moyo. Ikudikira kuti ndiiuze chochita." Anati m'kati mwake muli Arch Linux.

Nanga Arch Linux n'chiyani? Anandifotokozera kuti kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoyang'anira zonse: kiyibodi, sikirini, mosungira mafayilo, ndi mapulogalamu ena onse. Makompyuta amene timawaona m'maofesi ndi m'malo olembera makalata ku Ulónguè kapena ku Tete ambiri amayendera Windows ya kampani ya Microsoft. Imeneyo ndi yogula, ndipo mmene inalembedwera ndi chinsinsi cha eni ake. Linux ndi ina. Mtima wake anaulemba Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, akadali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, ndipo zida zambiri zogwira ntchito pamodzi ndi mtimawo zinachokera ku ntchito ya GNU, imene Richard Stallman anaiyambitsa ku America mu 1983. Zolemba zake zonse zili poyera. Aliyense angathe kuziwerenga, kuzisintha ndi kupatsako mnzake, ndipo chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimati ukasintha n'kugawira ena, nawenso uonetse zimene wasinthazo. Foni ya Android imene ndimalandirira ndalama za kachewere pa M-Pesa, akuti nayonso mtima wake ndi Linux yomweyo.

Ngati Linux ndi imodzi, dzina la Arch likulowa pati? Yankho lake n'lakuti mtima pawokha sungakulembere kalata. Magulu a anthu amautenga, n'kuusonkhanitsira mapulogalamu ena, n'kumanga mtolo umodzi woti munthu aike m'kompyuta, ndipo gulu lililonse limamanga mtolo wake mwa nzeru zake. Slackware ndi Debian zinayamba mu 1993. Ubuntu inatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, cholinga chake chili chakuti munthu wamba aiike n'kuyamba kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Arch anaiyambitsa Judd Vinet wa ku Canada mu Malichi 2002, ndipo iye anadzera njira ina. Amakupatsa zochepa zokha zoti kompyuta iyake. Zina zonse uwonjezera wekha, chimodzichimodzi, ukudziwa chimene ukuika ndi ntchito yake.

Apa ndiye panandivuta. Anzathu amangodina pa kachithunzi zinthu n'kutseguka. Iwe ukuvutikiranji kulemba?

Sanandiyankhe ndi pakamwa. Analemba zilembo ziwiri, ls, ndipo maina a mafayilo ake onse anandandalika pasikirini. Analemba cd ndi dzina la foda, n'kulowamo. Munali zithunzi zambirimbiri za masamba a kachewere ogwidwa ndi chiwawu, zimene anajambula m'minda chifukwa cha maphunziro ake, zosakanikirana ndi zithunzi za ukwati ndi za mpira. Ndi mzere umodzi anasankha za kumunda zokha n'kuzisamutsira kwina. Anati akanati azidina chimodzichimodzi, dzuwa likanamulowera. Koma chimene chinandigwira mtima ndi china. Mnzake wa ku Tsangano kompyuta ikamukanika, iye samuimbira foni kuti pita kumanzere, yang'ana kabokosi kobiriwira, ayi osati ako, kenako. Amangomutumizira mzere umodzi pa uthenga wa pafoni, mnzakeyo n'kuukopera mmene ulili, vuto n'kutha. Kwa ife amene timawerengera mayunitsi tisanaimbe, chimenechi si chaching'ono. Ndipo zithunzizo sikuti n'zoletsedwa. Akafuna kulemba lipoti kapena kulowa pa intaneti, amalemba lamulo lina, mawindo n'kutseguka, n'kugwiritsa ntchito LibreOffice ndi Firefox monga wina aliyense. Kungoti zimabwera akaziitana.

Nanga ukalakwitsa chilembo? Anavomera kuti pamenepo m'pofunika maso. Pali lamulo lotchedwa rm, lofufutira mafayilo. Silifunsa kawiri, ndipo chimene lafufuta sichipita m'dengu la zinyalala moti ungakachitolemonso. Chapita.

Ndiye chinthuchi n'cha akatswiri okhaokha? Iye anakana, nati n'cha anthu apakati. Mawu amenewa anandisokoneza mpaka nditaganiza za njinga. Pali munthu amene amangokwera, tayala likaphwa n'kukankha mpaka pamsika. Pali mmisiri wowotcherera felemu yothyoka. Pakati pawo pali ambiri a ife: timamata chubu, timamangitsa tcheni, timasintha masipoko, ndipo utatipatsa njinga ili yomasula m'katoni, tiimanga bola tionetsedwe kaye. Arch akuti ndi ya anthu otere. Sufunika kudziwa kulemba mapulogalamu. Ufunika kudziwa kuyenda m'mafoda ndi malamulo, kugawa disiki m'zigawo, kutsegula fayilo ya malangizo n'kusintha mzere woyenera, ndipo koposa zonse, kuwerenga mofatsa kompyuta ikakuuza chimene chalakwika. Eni ake sabisa. Amanena poyera kuti sakulimbana ndi kukopa aliyense, koma anaipangira amene anazolowera kale Linux, kapena wina aliyense wofunitsitsa kuwerenga malangizo ndi kudzithetsera mavuto ake.

Kodi kumeneku si kudzikweza? Funsoli ndinalisinkhasinkha kwambiri, chifukwa kwathu kuno munthu wouza mnzake kuti kawerenge wekha timamuona ngati wamwano. Koma mphwanga anandionetsa malangizowo. Amawatcha ArchWiki, masamba zikwi zambiri olembedwa ndi anthu ongodzipereka, ofotokoza chilichonse kuyambira kulumikiza intaneti mpaka kuchititsa kuti makina osindikizira agwire ntchito. Ngakhale ogwiritsa ntchito mitundu ina ya Linux amakafunako nzeru kumeneko. Tsamba loikira Arch limayambira pansi penipeni. Limakuuza ngakhale kuti kompyuta ikangoyaka imaganiza kuti kiyibodi yako ndi ya ku America, choncho ngati ili ya Chipwitikizi, monga zambiri za kuno, uyambe waiuza kaye. Ndipo kuyambira mu 2021 anaikamo kapulogalamu kotchedwa archinstall, komwe kamakufunsa mafunso n'kukuchitira zina mwa ntchitozo. Ine ndikuona kuti munthu wofuna kutsekera anzake kunja sangataye nthawi yake kulemba zonsezi. Akufuna kuti amene walowa adziwe chimene ali nacho m'manja, ndipo zimenezo ndimazilemekeza.

Tsono anthu osamala Arch amalipidwa ndi ndani? Arch ilibe kampani yoiyendetsa. Amaisamala ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, ambiri a iwo pa nthawi yawo yopuma, ndipo ndalama zoyendetsera makina zimachokera kwa opereka mwaufulu. Judd Vinet anasiyira utsogoleri Aaron Griffin mu 2007, ndipo mu 2020 unapita kwa Levente Polyak. Mtima wa Linux womwewo, anthu ambiri oukonza masiku ano amalipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat, chifukwa makampaniwo amaudalira pa malonda awo. Kampani ya masewera ya Valve inamanga pulogalamu ya kachipangizo kake ka Steam Deck, komwe kanatuluka mu 2022, pamwamba pa Arch. Ndiye kuti ndalama zilipo ndithu penapake, koma wolemera akakonza chinthu, chokonzedwacho chimafikanso kwa mnyamata wa ku Angónia osalipira kanthu. Pamenepa funso langa loyamba lija linayankhidwa, ndipo ndinakhutira.

Chinanso chinandikondweretsa. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana makompyuta akale ambiri. Malaputopu amene ana athu amakwanitsa kugula ndi akalewo, ogwiritsidwa kale ntchito kwina, obwera kudzera ku Johannesburg, ku Beira, kapena pachipata cha Calómue kuchokera ku Dedza. Kodi onsewo akatayidwe? Ya mphwanga ndi imodzi mwa otere, ndipo ikuthamanga bwinobwino chifukwa sananyamulitse katundu amene sakumufuna. Malire alipo: Arch inasiya makompyuta akale kwambiri aja a 32-bit mu 2017. Koma ambiri amene ali m'manja mwa ophunzira lero imawalandira.

Funso limene landitsalira ndi lolemera, ndipo ndikulifunsa ndi mtima wonse. Kodi amene anapanga chinthuchi anaganizirako munthu wogula mamega a tsiku limodzi?

Arch situluka mwa magawo monga zinzake. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa zaka ziwiri zilizonse, Debian nayo pafupifupi chimodzimodzi, ndipo pakati pake zosintha zimakhala zochepa. Arch imasintha tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ina ikangokonzedwa kwa eni ake, posakhalitsa yafika. Mwini kompyuta amalemba pacman -Syu, ndipo zatsopano zonse zimatsika pa intaneti. Malangizo amachenjeza kuti usatsitse zina n'kusiya zina, chifukwa mapulogalamu amadalirana, ndipo theka latsopano ndi theka lakale zimatha kukanana. Fayilo yoyambira kuika Arch payokha imapitirira gigabayiti imodzi, ndipo poika pamafunikanso intaneti. Kwa munthu wa ku Berlin kapena ku Toronto, amene intaneti yake ndi ya mwezi wonse yopanda malire, zimenezi sazimva n'komwe. Kwa mwana wa mlimi, gigabayiti iliyonse ndi ndalama imene ikanagula mafuta ophikira kapena makope. Kumudzi kwathu netiweki imabwera n'kupita, ndipo laputopu imadalira batire lotchajidwa ndi sola. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta mapiri mpaka masana, batirelo silidzaza. Kutsitsa kukadukira pakati ungayambirenso, koma moto ukathima kompyuta ili m'kati mosintha mtima wake, mawa lake ikhoza kukana kuyaka. Ndiye chaulerechi n'chaulere kwa ndani?

Mphwanga sanatsutse. Anati kwa munthu wokhala kutali ndi netiweki iye amalangiza Debian, imene imakhala phee nthawi yaitali. Koma anandionetsanso nzeru imene iye ndi anzake amachita. Chilichonse chimene pacman yatsitsa chimasungidwa m'foda inayake m'kompyutamo. Mmodzi akatsitsa kumene intaneti ili yabwino, amakopera mafayilowo pa flashi, anzake n'kuika m'makompyuta awo osaononga mega ndi imodzi yomwe. Ndinafunsa ngati kutero si kuba. Anati ayi, chilolezo chimalola, ndipo n'chimene olembawo ankafuna. Ndinakondwa kumva kuti ana athu apeza njira yawoyawo. Komabe ndikufunsa: ngati ophunzira okha atha kutero ndi flashi, n'chiyani chingaletse sukulu ya ukachenjede, kapena sekondale ya pa misheni monga Lifidzi ndi Fonte Boa, kuika kompyuta imodzi yakale yosungira mafayilo amenewa kuti aliyense wapafupi azitengapo? Makina otere akuti alipo ku South Africa ndi ku Kenya, otumikira maiko athunthu. Ife tikungofuna kamodzi kakang'ono ka boma limodzi.

Ndipo pali chinenero. Malamulo onse aja ndi zidule za Chingerezi, ndipo kompyuta ikadandaula kawirikawiri imadandaula m'Chingerezi. Masamba ambiri a ArchWiki anamasuliridwa m'Chipwitikizi, ndipo ana athu amene anafika kusekondale amathandizika nawo. M'Chichewa mulibe tsamba. Komatu chinenerochi chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, kuyambira ku Niassa ndi kuno ku Tete, Malawi yense, mpaka ku Chipata ndi ku Lusaka. Boma la Mozambique linayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete m'zaka za m'ma 1990, ndipo Google inachiika pa makina ake omasulira mu 2014. Sitinganene kuti n'chosalembeka. Ndinafunsa mphwanga kuti chilolezo chomasulira malangizowo chimatengedwa ku ofesi iti. Anati palibe ofesi, aliyense angathe kumasulira, ndipo masamba a Chipwitikizi aja anamasuliridwa ndi anthu wamba a ku Brazil ndi ku Portugal amene anangoyamba okha.

Yankho limeneli ndi limene likundisowetsa mtendere. Pa za mamega ndingathe kuloza ena chala. Pa za chinenero palibe watiletsa. M'mudzi mwathu muli atsikana ndi anyamata amene amamasula foni yakufa n'kuidzutsa, koma Chingerezi chinawapita patali ndipo Chipwitikizi amachidziwa cha pamsika. Anthu apakati aja ndi amenewa. Tsamba limodzi lokha lofotokoza ls, cd ndi kuopsa kwa rm m'chinenero chawo lingawatsegulire njira. Inu aphunzitsi a ku Ulónguè, a ku Dedza ndi a ku Lilongwe, amene mumadziwa zonse ziwiri, malamulo a kompyuta ndi Chichewa chabwino, kodi tsamba limenelo mukudikira kuti alilembe ndani?