Mmene ndinakokera nyumba ya malume

Malume anga a ku Area 15 atapuma ntchito m'boma, anaganiza zomanga kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu kuti azichititsa lendi. Mapuloti a kumeneko ndi aakulu, ndipo anthu ogwira ntchito ku City Centre amafuna pogona pafupi. Chinawavuta n'chakuti wojambula mapulani anatchula mtengo umene unawaumitsa kukhosi. Apa m'pamene ine, mwana wa mlongo wawo, ndinatsegula pakamwa.

"Malume, musataye ndalama. Zimenezo ine ndimazitha pa kompyuta."

Kuzitha kwake kunali kwa mavidiyo a pa YouTube. Ndinkagwiritsa ntchito SketchUp, pulogalamu imene inatuluka mu 2000, Google n'kuigula mu 2006, kenako n'kuigulitsa kwa Trimble mu 2012. Kukoma kwake n'kwakuti ukajambula bokosi pansi, n'kulikoka ndi Push/Pull, khoma laima. Munthu umadziona ngati injiniya usanagwirepo ngakhale chipande cha simenti.

Kanyumbako ndinakajambula bwino ndithu: mamita 8 m'litali, makoma a mabuloko a mamilimita 200, makomo a mamilimita 900, ndi thanki yamadzi pambali. Malume anavala magalasi, anayang'ana, ndiye anati, "Mphwanga, zipinda zachepa. Onjezera mamita awiri, ikwane 10."

Ndinati zimenezo n'zosachedwa. Ndinasankha nyumba yonse, n'kudina Scale. Panatuluka timabokosi tobiriwira m'mbali monse. Ndinagwira kapakati, kamene kamakoka mbali imodzi yokha, n'kulemba 1.25, poti 8 kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 10. Masamu anali olondola. Nyumba inatanuka ngati legeni, malume anaomba m'manja, azakhali anandiphikira tiyi wamkaka.

Scale sadziwa kuti ichi ndi chipinda, ichi ndi chitseko. Chilichonse chimene chagona njira imene ukukokerayo chimakula mofanana. Makomo atatu a kukhoma lakutsogolo anachoka pa 900 kufika pa 1125. Makoma a m'mapeto ananenepa kufika 250, pamene a m'litali anatsala pa 200. Makomo a m'makoma opingasa sanasinthe n'komwe. Manambala a miyeso nawonso anadzisintha okha mwakachetechete, ndipo ine ndinasindikiza osawawerenga.

Malume ndi munthu wosachedwa. Pulani isanapite ku khonsolo ya mzinda, iwo anali atapita kale ku Malangalanga ndi pepala langa, n'kupereka ndalama kwa owotcherera zitsulo kuti apange mafelemu. Owotchererawo anachita zimene pepala linanena.

Amene anatulukira nkhani ndi mmisiri womanga, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anayeza felemu ndi tepi, anayezanso, kenako anatenga chitseko chogula kusitolo n'kuchiimika m'kati. Panatsala mpata woti nkhuku n'kudutsa osapinda mapiko.

"Bwana, kodi muno muzilowa galimoto?"

Malume anandicheukira. Ine ndinayamba kufotokoza kuti masiku ano makomo aakulu ndiwo ali m'fasho. Mmisiri uja sanatsutse. Anangoloza papepala n'kufunsa kumene amagulitsa mabuloko a 250, ndiponso sitolo imene ili ndi thanki yooneka chonchi. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti thanki yozungulira ija inali itasanduka dzira.

Madzulo ake ndinathamangira kwa mnzanga amene amajambula mapulani ndi AutoCAD, pulogalamu ya Autodesk imene ilipo kuyambira 1982. Ndinamupempha kuti andikonzere ndi lamulo la STRETCH, poti ndinamva kuti limakoka mbali yokhayo imene waizinga. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati STRETCH amamvera pa mizere ya pulani yafulati, koma chinthu cholimba cha 3D sachikoka chomwecho. Pamenepo amagwiritsa PRESSPULL, kapena kugwira nkhope imodzi ya chinthucho atadina Ctrl, n'kuisuntha.

Kenako anatsegula SketchUp yanga yomweyo. Anabweza nyumba pa mamita 8, anazinga khoma lakumapeto lokha kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti zisankhike zokhazo zimene zalowa zathunthu m'bokosi, anadina Move, n'kulemba 2000 motsata mzere wofiira. Chipinda chinatalika, makomo ndi thanki osagwedezeka. Tiyi wake anali asanazizire n'komwe.

"Aise, chida chimenechi chinali pafupi ndi chimene unadinacho," anatero.

Pulani imene inapita ku khonsolo inajambulidwa ndi wojambula uja tinamuthawa, pamtengo wake womwewo. Mafelemu atatu anabwerera ku Malangalanga kukadulidwa, ndipo amene anawayang'anira pamwamba pa lole, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndine. Malume ati ndalama yodulira ichotsedwa pa malipiro anga. Nditawakumbutsa kuti ntchitoyo ndinagwira ulere, anati ndiye kuti ndili nawo ngongole.