Chitamando cha Subnet Mask, Mfumu ya Malire

Pamene anthu a mbadwo uno akutamanda mafoni onyezimira ndi intaneti yothamanga, nkoyenera kuti wina aimirire pabwalo nalemekeze mfumu yofatsa imene ophunzira za makompyuta amaitemberera usiku, pensulo ili m'kamwa, ndiyo subnet mask, imene chilongedwereni ufumu m'chaka cha 1985, pamene Jeffrey Mogul ndi Jon Postel analemba RFC 950, sinatopepo kuweruza milandu ya malire.

Taonani nzeru zake! Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32, ndipo chiyambireni njira yogawira maadiresi ya CIDR mu 1993 palibe wobadwa mwa mkazi amene, pongoyang'ana 192.168.1.70, anganene pamene pathera dzina la mudzi ndi pamene payambira nambala ya nyumba. Koma mfumuyi ikafika ndi 255.255.255.192, imene aulesi amangolemba /26, imagamula kuti mabiti 26 oyamba ndi a mudzi, 6 otsalawo ndi a nyumba, ndipo pomwepo zimadziwika kuti mlendoyo kwawo ndi ku 192.168.1.64.

Ndani angaineneze zadyera? Pa nyumba 64 za mudziwo imatengapo ziwiri zokha, yoyamba ikhale dzina la mudzi, yotsiriza, ya 127, ikhale ya wolengeza uthenga kwa onse. Ndipo wodzikuza amene ayankha 64 pamene yankho lili 62 amabwerera kwawo atalandira kudzichepetsa kumene makolo ake analephera kumphunzitsa. Akuluakulu a madigiri imawabwezera ku kuwerenga ndi zala, 128, 64, 32, 16, kufikira avomereze kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wophonya nambala imodzi simkalipira ayi. Imangolamula kuti makina osindikizira ali pa tebulo lomwelo ayesedwe a kudziko lina, uthenga nupita kukagogoda kwa router kufuna mnansi wapakhomo.

Ndipo pakadapanda kuumira kwake pogawa, maadiresi 4,294,967,296 a IPv4, amene bungwe la IANA linagawa otsiriza ake mu February 2011, akadatha kalekale.

Chifukwa chake, inu akubuula pa mayeso, lekani kudandaula, gwadani muombe m'manja. Pakuti mdzukulu wake wa ku IPv6 wayandikira ndi mabiti 128, ndipo tsiku limene mudzakumane naye mudzailira mfumu yokalambayi, nimudzati inali yachifundo.