Malangizo a Kadzitetezedwe kwa Munthu Wolankhula Mosaopa Wokhala m'Komboni

M'makomboni a mu Lusaka, kuyambira ku Marapodi, Matero ndi George mpaka ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere, mwabuka munthu wa mtundu wina amene ophunzira amamutcha womenyera ufulu wa anthu, achibale ake amamutcha wapakamwa, ndipo a chipani cholamula, kaya chikhale chiti, amamutcha wotumidwa. Chuma cha munthu ameneyu ndi foni yosweka galasi, bandulo ya tsiku limodzi, ndi maganizo osagwedezeka pa mtengo wa ufa, kuzimazima kwa magetsi a ZESCO ndi madzi amene amasefukira m'nyumba dzinja lililonse. Popeza kuti aliyense wolemba maganizo otere pa Facebook amalandira zitonzo ndi ziopsezo dzuwa lisanalowe, ndipo popeza kuti ena ayamba kumunong'oneza kuti agule mfuti monga amachitira anzake a ku America, nkoyenera kuti njira zonse zodzitetezera ziunikidwe mwadongosolo.

Langizo loyamba: adziwe amene akumutukwana

Kada ndi munthu amene amakonda chipani chake mwamphamvu kwambiri kotero kuti chikondicho chimafuna malipiro a tsiku ndi tsiku. Makada alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa pa siteshoni ndi pamsika, amene m'zaka za ulamuliro wa Patriotic Front anatchuka potolera ndalama pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi m'misika ya m'tauni, ndipo chida chake ndi chikwanje. Wachiwiri ndi wa pa intaneti, amene alibe nkhope, ali ndi maakaunti asanu, ndipo chida chake ndi chala chachikulu.

Ntchito ya kada wa pa intaneti imayenda m'magawo anayi amene sasinthasintha. Poyamba amafunsa kuti wolembayo wapatsidwa zingati, kenako amafufuza mtundu wake ndi kumene makolo ake anachokera, ndipo ngati wolembayo ali mayi, nkhani ya ufa imaiwalika msanga n'kuyamba ya thupi lake, ya banja lake ndi ya amuna amene akuti anayenda nawo. Gawo lachinayi ndi uthenga wa mseri wonena kuti kumene amakhala kukudziwika. Pa gawo limeneli wokhala ku Marapodi angalimbe mtima pang'ono, chifukwa nyumba yake, imene ili kuseri kwa kantemba, kupitirira pa mpope, pakhomo lachitatu la mdadada, imasowa ngakhale kwa ambulansi. Asaiwale komabe kuti ana a m'komboni analeredwa bwino, ndipo mlendo aliyense wofunsa mwaulemu amamuperekeza mpaka pakhomo.

Langizo lachiwiri: aganizire za mfuti, koma asafulumire

Ufulu wokhala ndi mfuti umene umamveka kwambiri pa intaneti ndi wa dziko la United States, kumene unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Malamulo aakulu a Zambia alibe ufulu wotere. Kuno mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka kwa amene lamukhulupirira, motsatira lamulo la mfuti limene lili pa mutu 110 wa malamulo a dziko, ndipo wopempha amayenera kudutsa kupolisi kuti mbiri yake iunikidwe, kusonyeza kuti chidacho amachidziwa, ndi kukhala ndi malo otetezeka ochisungiramo. Motero womenyera ufulu amene sabata yatha analemba kuti apolisi amakondera chipani cholamula ayenera kuvala jekete, kupita kwa apolisi omwewo, ndi kuwafotokozera modekha kuti akufuna mfuti yodzitetezera kwa anyamata a chipani chimene apolisiwo sakondera.

Akapambana pamenepo, atsale ndi nkhani ya posungira. M'chipinda chimodzi cha lendi, chimene chili chogona usiku, khitchini m'mawa ndi pabalaza masana, malo otetezeka kwambiri ndi m'thumba la makala, ndipo amenewo ana anawadziwa kale chifukwa ndi mmene mumabisidwa shuga. Mfuti yololedwa imakomera munthu amene ali kale ndi mpanda wautali, mlonda ndi agalu awiri ku Kabulonga, ndiye kuti chida chimenechi chimapezeka mosavuta kwa okhawo amene sachifuna kwenikweni.

Pali vuto linanso la lamulo. Ndime 17 ya lamulo la milandu ndi zilango imalola munthu kugwiritsa ntchito mphamvu pobweza womuukira, malinga ngati mphamvuyo sipitirira imene ikufunika pa nthawiyo. Ndemanga ya pa Facebook, ngakhale itatukwana agogo a munthu mpaka m'manda, siingawomberedwe, ndipo amene angayese adzangoononga foni yake. Ngakhale ku America komweko mfuti zambiri sizinathetse vutoli, pakuti Charlie Kirk, amene ankateteza poyera ufulu wokhala ndi mfuti, anawomberedwa n'kufa pa 10 Seputembala 2025 akulankhula pa Utah Valley University, alonda ali pomwepo.

Mbiri ya Lusaka ili ndi phunziro lake, ndipo pamenepa palibe choseketsa. Mapenzi Chibulo, wotsatira chipani cha UPND, anawomberedwa pa 8 Julayi 2016 msonkhano wa ku Chawama utaletsedwa. Frank Mugala, mwana wa sukulu wa zaka 14, anawomberedwa ku Chazanga, pafupi ndi Marapodi, mu Febuluwale 2020 pa nthawi ya mphekesera za opopera mankhwala m'nyumba. Nsama Nsama, woimira boma pa milandu, ndi Joseph Kaunda anaphedwa pa 23 Disembala 2020 pafupi ndi likulu la polisi. Pa imfa zonsezi zala zinaloza mfuti za apolisi, zimene zinali ndi mapepala onse oyenera, ndipo palibe laisensi imene ikanapulumutsa anthu amenewa.

Langizo lachitatu: asadalire zida za makolo

Chikwanje n'chotsika mtengo ndipo sichifuna chilolezo, koma womenyera ufulu azindikire kuti pa chida chimenechi adani ake ali ndi luso la zaka zambiri. Kumapeto kwa Julayi 2021 anthu awiri otsatira Patriotic Front anaphedwa ku Kanyama pa ziwawa za ndale, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anatulutsa asilikali m'misewu, zimene zikusonyeza kuti chikwanje sichifunsa khadi la chipani. Legeni imathandiza pa mbalame. Galu amafuna nsima tsiku lililonse, ndipo amene amadandaula za mtengo wa ufa sayenera kuonjezera pakamwa pena.

Kwatsala zithumwa, zimene zinateteza mibadwo yambiri popanda fomu kapena chidindo. Tsoka lake n'lakuti lamulo la ufiti la 1914 likadali ndi moyo, ndipo mu Seputembala 2025 khoti la mu Lusaka linalamula amuna awiri kukakhala kundende zaka ziwiri atapezeka ndi zithumwa, kuphatikizapo bilimankhwe wamoyo, pa mlandu wofuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema. Wofuna kudziteteza asunge kutali nyama iliyonse yosintha mtundu, pakuti luso limenelo linasiyidwira andale.

Langizo lachinayi: akadandaule kwa a malamulo, atayamba wakhala Pulezidenti

Mu Malichi 2021 Zambia inalandira lamulo la chitetezo ndi milandu ya pa intaneti, limene anthu anauzidwa kuti labwera kudzateteza amayi, ana ndi onse ozunzidwa pa mafoni. Wozunzidwa ayenera kujambula mauthenga onse, kuwasindikiza pa pepala ndi ndalama zake, ndi kupita nawo kupolisi, kumene adzalandiridwa mwaulemu, adzafunsidwa ngati akudziwa dzina lenileni ndi nyumba ya womuopsezayo, ndipo pomaliza adzalangizidwa ngati mwana wapakhomo kuti asiye kulemba za ndale. Asaganize kuti boma lilibe luso lopeza munthu wobisala pa dzina labodza. Mu Malichi 2020 apolisi anapeza ndi kumanga mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi pomuganizira kuti ananyoza Pulezidenti pa Facebook. Luso liripo ndithu, koma limadzuka malinga ndi udindo wa wotukwanidwayo, kotero kuti amene akufuna chilungamo chofulumira akulangizidwa kupambana kaye chisankho cha Pulezidenti, kenako n'kutukwanidwa.

Ena adzakumbutsa kuti mlandu wonyoza Pulezidenti, umene unali pa ndime 69, unachotsedwa mu Disembala 2022, ndipo zimenezo n'zoona. Koma milandu youkira boma m'mawu ndi yofalitsa chidani inatsala, ndipo atolankhani ndi otsutsa akhala akuitanidwa nayo kupolisi chifukwa cha zolemba za pa intaneti. Kuonjezera apo, chipani cha UPND, chimene chili kotsutsa chinkati lamulo la 2021 ndi la nkhanza, chitalowa m'boma chinalichotsadi mu Epulo 2025 n'kuikapo malamulo awiri, amene bungwe la maloya la Law Association of Zambia linawatsutsa ndipo ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nawo nzika zake. Aliyense amene anapempha kuti lamulo limodzi lichoke aphunzirepo kutchula bwino chiwerengero chimene akufuna kuti chitsale.

Nkoyenera kuyamikira kuti boma linasonyezapo kamodzi kuti lingathe kuthetseratu kuzunzana pa intaneti. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, ndipo palibe amene anatukwanidwa kupatula ndi okhawo odziwa VPN, imene ndi njira yolowera pa intaneti mozembera mpanda. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mafoni ndi intaneti, kukhoti, khoti linalamula kuti njira zitsegulidwe, ndipo mtendere umenewo unatha.

Langizo lachisanu: aphunzire kuthamanga

Njira imeneyi ili ndi umboni wokwanira. Woimba Fumba Chama, wodziwika kuti Pilato, amene pamodzi ndi Laura Miti ndi anzawo anamangidwa mu Seputembala 2017 pochita zionetsero kunyumba ya malamulo zotsutsa kugula magalimoto ozimira moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, anathawira ku South Africa mu Januwale 2018 ataopsezedwa chifukwa cha nyimbo yake ya Koswe Mumpoto. Pobwera mu Meyi chaka chomwecho anamangidwa pa bwalo la ndege, ndipo mu Disembala khoti linapeza kuti iye ndi anzake analibe mlandu. Wa ku Marapodi amene alibe pasipoti angathawire kwa amalume ku Chipata, pokumbukira kuti netiweki inafika kale kumeneko ndipo zitonzo zidzamupeza asanatsike basi.

Amene akufuna kuchita zionetsero akumbuke lamulo la bata la 1955, limene atsamunda analisiya ndipo boma lililonse lalisamalira bwino. Limafuna kuti apolisi adziwitsidwe masiku asanu ndi awiri zisanachitike, kuti apeze nthawi yokwanira yozindikira kuti alibe anthu okwanira. Achinyamata a mu Juni 2020, kuphatikizapo oimba B'Flow ndi Pilato, anapeza yankho pamene apolisi okhala ndi zida anadzaza misewu ya mu Lusaka: anapita kutchire n'kuulutsa zionetsero zawo pa Facebook. Kuima pafupi ndi achitetezo sikulimbikitsidwa, chifukwa ku Lilongwe mu Juni 2025 womenyera ufulu Sylvester Namiwa anamenyedwa ndi anthu a zikwanje apolisi ndi asilikali akuonerera.

Langizo lachisanu ndi chimodzi: adikire kuti chipani chimene amachikonda chipambane

Mwa njira zonse, iyi yokha ndi imene yaonetsa zotsatira zooneka. Hichilema, amene anakhala m'ndende miyezi inayi mu 2017 pa mlandu woukira boma wochokera pa nkhani ya magalimoto osapatukirana ku Mongu, analowa ku State House mu 2021. Pilato anadzasankhidwa kukhala mlembi wamkulu mu unduna wa achinyamata, masewera ndi zaluso. Maakaunti amene dzulo ankalonjeza kuthyola munthu miyendo amasintha chithunzi usiku umodzi n'kuyamba kumutcha bwana. Choopsa cha njira imeneyi n'chakuti womenyera ufulu weniweni amapitiriza kufunsa za mtengo wa ufa ngakhale boma litasintha, ndipo pamenepo amazindikira kuti amene ankamuombera m'manja ndi amene tsopano akufuna kudziwa kuti wapatsidwa zingati. Asunge mauthenga onse akale ndi atsopano m'malo amodzi, chifukwa mlandu suola, ndiponso chifukwa adzaona kuti mawu ndi omwewo, changosintha ndi mtundu wa malaya.

Pali njira ina imene akatswiri ena amaitchula, yakuti apolisi azifufuza chiopsezo chopita kwa wogulitsa tomato wa ku Marapodi ndi changu chomwecho chimene amafufuzira chitonzo chopita kwa nduna, ndiponso kuti chipani chilichonse chizilanga makada ake chisanaloze a chinzake. Njira imeneyi siifuna chipolopolo, chikwanje kapena bilimankhwe, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa wa galimoto imodzi yozimira moto. Siikulimbikitsidwa pano chifukwa imafuna kuti olamula aganize kuti tsiku lina adzakhala otsutsa, zimene m'Zambia zachitika katatu kokha, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo nthawi zonse zitatu zinawadzidzimutsa. Langizo lomaliza likupita kwa iwowo: polemba lamulo lomangira anthu olankhula, aziliyesa kaye pa thupi lawo ngati likuwakwana, pakuti mbiri ya dziko lino ikusonyeza kuti adzalivala.